Kupuma pantchito ya boma zaka 60 zisanakwane: lamulo likulola, koma yambani mwawerengera miyezi

Mwa anthu amene amatuluka m'mipanda ya ku Area 9 m'mawa uliwonse kulowera ku Capital Hill, alipo ena amene mtima wawo udachoka kale muofesi. Wina adagula malo ku Mitundu ndipo akulota za nkhuku ndi soya, wina akukopedwa ndi bungwe la ku City Centre lomwe malipiro ake boma silingafikepo. Funso lawo ndi limodzi: kodi munthu angapume pantchito ya boma asanakwanitse zaka 60 popanda kutaya penshoni yake?

Yankho ndi lakuti inde. Koma zomwe munthuyo angalandire zimadalira kwambiri zaka zimene anali nazo pa 1 Julaye 2017.

Pa ndondomeko yakale ya penshoni ya ogwira ntchito m'boma pali makomo atatu otulukira. Loyamba ndi lodziwika kwa aliyense: kufika zaka 60 zakubadwa, utagwira ntchito zaka zosachepera 10. Lachiwiri, lomwe ndi mwini nkhani lero, ndi kupuma mwakufuna kwako utakwanitsa zaka 20 za ntchito yowerengeredwa penshoni, posatengera msinkhu wako. Lachitatu ndi lopapatiza: munthu wa zaka 45 yemwe wagwira zaka 10 angathe kupempha kupuma, koma pamafunika chilolezo cha nduna, ndipo chopempha sichikhala chako mpaka atakupatsa. Palinso kupuma chifukwa cha matenda madokotala akatsimikiza, kapena chifukwa udindo wathetsedwa, koma uko si kufuna kwa mwini.

Mawu oti "yowerengeredwa penshoni" asadumphidwe. Zaka zimene munthu adagwira ngati waganyu kapena pa kontrakiti, asanalembedwe mokhazikika, si nthawi zonse zimalowa m'chiwerengero. Ambiri amawerenga kuyambira tsiku lomwe adaponda muofesi koyamba, pamene fayilo yawo ikunena tsiku lina. Kusiya ntchito ndi kupuma pantchito ndi zinthu ziwirinso zosiyana. Wolemba kalata yosiya atagwira zaka 19 ndi miyezi ingapo sawerengedwa ngati wopuma, ngakhale atatsala pang'ono chotani.

Tsono chaka cha 2017 chikubwera bwanji? Kwa zaka zambiri ogwira ntchito m'boma sankadulidwa kalikonse kopita ku penshoni. Boma linkangolipira opuma kuchokera mu bajeti ya chaka chimenecho. Lamulo la penshoni la 2011 lidalamula kuti olemba ntchito azisonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, koma boma lidatenga nthawi kuti lilowetsemo antchito ake. Mu Julaye 2017 onse amene anali ndi zaka 35 kutsika mmunsi, pamodzi ndi olembedwa pambuyo pake, adasamutsidwira ku thumba losonkherana la Public Service Pension Trust Fund. Opitirira zaka 35 adatsala pa ndondomeko yakale. Choncho anthu awiri okhala pa desiki imodzi, a giredi imodzi, akhoza kupuma tsiku limodzi koma n'kulandira mosiyana kotheratu.

Wa ndondomeko yakale amalandira zinthu ziwiri: ndalama ya kamodzi, imene aliyense amaitchula kuti gratuity, ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Zonsezi zimawerengedwa potengera malipiro a kumapeto kwa ntchito ndi kuchuluka kwa miyezi yomwe munthu wagwira. Apa ndi pamene pagona mtengo wa kupuma msanga. Titenge munthu amene adalembedwa ali ndi zaka 25. Akapuma ali ndi zaka 45, wagwira miyezi 240. Akadikira mpaka 60, miyeziyo ikhala 420. Wasiya patebulo miyezi 180, ndipo si miyezi yokhayo. Zaka 15 zomalizazo ndi zomwe munthu amakwezedwa maudindo kaŵirikaŵiri, malipiro n'kumakwera, ndipo malipiro okwerawo ndiwo akadawerengeredwa penshoni. Wopuma msanga amaluza kawiri: miyezi yochepa, yochulukitsidwa ndi malipiro ochepa.

Ubwino ulipo, ndipo si waung'ono. Penshoni imayamba kubwera munthu akadali ndi mphamvu zoyendera munda kapena kugwira ntchito ina, ndipo ailandira kwa zaka zambiri kuposa mnzake wodikira 60. Kwa dokotala, injiniya, loya kapena wowerengera ndalama amene ntchito ina ikumudikira, penshoni yaing'ono yoonjezera pa malipiro atsopano ndi phindu looneka. Kwa amene akudalira gratuity yokha ngati mpamba wa bizinesi yomwe sadaiyesepo, nkhani ndi ina.

Chifukwa chake n'chakuti gratuity ya ndondomeko yakale ilibe thumba lake lomwe idasungidwa. Imadikira ndalama za ku Treasury. Fayilo imachoka ku unduna wa munthuyo, kudutsa ku nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma, kukaunikidwa ndi ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma, kenaka kukafola pamzere kwa Accountant General. Madandaulo a opuma amene adikira ndalamayi chaka kapena kupitirira akhala akumveka m'nyuzipepala komanso m'Nyumba ya Malamulo. Pamene munthu akudikira, ndalama siima. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Gratuity yowerengedwa zimenezi zisanachitike n'kulipidwa pambuyo pake sidagule simenti ndi malata omwe mwini wake adalemba pa pepala. Ngongole iliyonse ya boma imene munthu sadamalize imadulidwanso pomwepo.

Wa ndondomeko yatsopano alibe lonjezo la chiwerengero chokhazikika. Chake ndi chimene chasonkhedwa m'dzina lake, kuphatikizapo phindu lomwe thumba lapeza poika ndalamazo m'mabizinesi. Lamulo la 2011 lidaika zaka 50 ngati msinkhu wotsikitsitsa wopumira, ndipo lidazindikiranso kupuma kwa munthu amene wagwira zaka 20 mosalekeza kwa bwana mmodzi. Lamulo latsopano la 2023 lidafewetsa zingapo. Wopuma tsopano angatenge theka la ndalama zake pakamodzi, pamene kale inali 40 peresenti. Theka linalo limagula penshoni ya mwezi ndi mwezi ku kampani ya inshuwalansi ya moyo, kapena limatapidwa pang'onopang'ono mwa dongosolo. Wotsala zaka 5 kuti apume amaloledwa kutapako gawo la ndalama zake akadali pantchito, chinthu chimene chingathandize ena kumaliza nyumba popanda kutaya ntchito n'komwe. Kunena zoona, ambiri amene amalakalaka kupuma msanga sakuthawa ntchito, akungofuna mpamba.

Kuipa kwake n'kwakuti thumba lotere limakula ndi nthawi, ndipo la ogwira ntchito m'boma ndi laling'ono msinkhu. Munthu amene anali ndi zaka 35 mu 2017, atalembedwa mu 2005, adakwanitsa zaka 20 zantchito mu 2025, koma zaka zake zosonkha ndi 8 zokha. Asanalembe kalata, munthu wotere afunse, ndipo ayankhidwe molemba, momwe zaka 12 zoyambazo zawerengedwera ndiponso ngati ndalama yake idafikadi ku thumba. Afunsenso sitetimenti yosonyeza kuti zodulidwa za mwezi uliwonse zidatumizidwa. Woyang'anira mathumba onse a penshoni ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Banki Yaikulu ya Reserve, ndipo madandaulo a mtundu umenewu amapita kumeneko.

Chomaliza chimene sichioneka pa fomu iliyonse ndi zomwe zimayendera limodzi ndi mpando. Nyumba ya boma imabwezedwa, galimoto ndi mafuta a maudindo akuluakulu zimatsala, ndipo ma alawansi a maulendo, amene m'mabanja ambiri ndiwo amalipira fizi, amatha tsiku lomwelo. Mwininyumba wa ku Area 9 safunsa ngati fayilo yachoka kwa Accountant General. Tsiku la lendi likafika, iye amangotumiza uthenga pa foni.