KODI MBAULA ZATSOPANO ZIKUCHEPETSADI MPWEYA WOIPA?

Patchuthi chathachi ndidapeza amayi atalandira chitetezo mbaula, mbaula yadothi yonyamulika ija. Amene adabwera nayo adawauza kuti imadya nkhuni zochepa, ndiponso kuti imachepetsa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko lapansi. Ine ndidakondwa. Koma tsiku lina kutabwera alendo, ndidaona ndiwo zili pa mbaula, pamene nsima ya mumphika waukulu amayi ankavundulira pa mafuwa monga kale. Moto udali uwiri. Pamenepo ndidadzifunsa: kodi amene amawerengera nkhuni zopulumuka amaudziwa moto wachiwiriwu?

Tiyambe ndi mmene nkhaniyi imayendera. Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa kaboni, ndipo ukapsa umaubweza m'mlengalenga. Ngati pamene padadulidwa mtengo pamera wina, mpweyawo umayamwidwanso. Koma ngati nkhalango ikungotha, mpweya umaunjikana ndipo dziko limatentha. N'chifukwa chake mu 2013 boma la Malawi lidalonjeza kuti mbaula zosaononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Makampani akunja nawo amalipira ndalama pa tani iliyonse ya mpweya imene mbaula zaletsa, kuti ifafanize mpweya umene iwo amatulutsa kwawo. Choncho chiwerengero chikalakwika, kampani imapitiriza kufukiza utsi chonsecho kuno sikunapulumuke kanthu.

Nditawerenga za kafukufuku wa akatswiri, ndidaona kuti pali mafunso anayi amene tiyenera kufunsa tisanakhulupirire.

Funso loyamba: adayesera kuti? Mbaula zambiri amaziyesa m'labotale powiritsa madzi ndi nkhuni zouma zodula mofanana. Kumudzi nkhuni zimakhala zaziwisi, mphepo imaomba, ndipo nyemba zimakhala pamoto theka la tsiku. Muyeso wodalirika ndi wopima nkhuni pa sikelo m'khitchini ya mayi weniweni kwa masiku angapo.

Funso lachiwiri: adatsata kwa nthawi yaitali bwanji? Ku Orissa m'dziko la India, Rema Hanna, Esther Duflo ndi Michael Greenstone adatsata mabanja kwa zaka zinayi. Mabanja olandira mbaula adasankhidwa mwa maere kuti pasakhale kukondera. Chaka choyamba utsi wopuma ophika udachepa, koma pambuyo pake phindulo lidazimirira, ndipo nkhuni zogwiritsa ntchito sizidachepe. Mbaula zitang'aluka anthu sankazimata, ndipo ambiri adabwerera ku moto wakale. Kafukufukuyu akadatha chaka choyamba, bwenzi titamva nkhani yokoma yokhayokha.

Funso lachitatu: kodi adayerekeza ndi anthu opanda mbaula? Kuno kwathu ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga kudachitika kafukufuku wamkulu wokhudza ana 10,750 osakwana zaka zisanu. Midzi ina idalandira mbaula za Philips zokhala ndi chopemerera moto, ina idapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zidatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2017: chibayo sichidachepe mwa ana a m'midzi ya mbaula. Kafukufukuyu adali wa zaumoyo, koma phunziro lake n'lomwelo. Popanda gulu loyerekezera nalo, sungadziwe ngati mbaula yasinthadi kanthu.

Funso lachinayi: chiwerengerocho chikupindulira yani? Mu 2024 akatswiri a pa University of California ku Berkeley adapenda ntchito za mbaula zogulitsa matani a mpweya, napeza kuti matani olembedwa adali ochuluka pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa enieni. Zifukwa zake zidali kukokomeza kutha kwa nkhalango, kuiwala moto wachiwiri, ndi kudalira mayankho apakamwa. Tikudziwa tonse kuti munthu amene wakupatsa mphatso akakufunsa ngati ukuigwiritsa ntchito, ulemu umakuuza kuti uvomere.

Palinso china chimene William Stanley Jevons adachiona ku England mu 1865: makina atayamba kudya malasha ochepa, malasha ogwiritsidwa ntchito m'dziko lonse adachuluka, chifukwa anthu adachulukitsa makinawo. Chimodzimodzi kunyumba, mtolo ukamakhalitsa, timayamba kutenthetsa madzi osamba amene kale tinkasamba ozizira.

Awerengi okondedwa, sindikunena kuti mbaula n'zachabe. Ndaona ndekha kuti mlongo wanga sapitanso kunkhuni kawirikawiri monga kale, ndipo limeneli ndi phindu lenileni. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu makolo, ofufuza akabwera pakhomo muziwauza zoona, ngakhale za mafuwa amene mudakali nawo kuseri kwa nyumba. Ife ophunzira, tikamva chiwerengero chokoma tizifunsa mafunso anayiwa. Ineyo patchuthi chikubwerachi ndabwereka kale sikelo, ndikapime nkhuni za amayi kwa mlungu wathunthu.