KAPAIPI KA M'CHIWINDI: ZOMWE ABALE AYENERA KUDZIWA

M'sewero lija tinamva za bambo wa ku Mitundu amene anabwerako ku India mlongo wake atampatsa mbali ya chiwindi chake. Patatha chaka ndi theka bamboyo anayamba kutentha thupi. Anayezetsa malungo kawiri koma sanapezeke nawo. Kenaka anayamba kuchita chimbudzi chakuda bii. Apa mpamene atsibweni ake anati: "Mlongo wakoyu sanapereke ndi mtima wonse, chiwindi chake chikufuna kubwerera kwa mwini."

Gulu lomvera wailesi la ku Nathenje linatsutsana kwambiri pa mau amenewa. Tsono tiyeni tione chomwe chinachitika m'mimba mwa bamboyo.

Munthu wamoyo angapereke bwanji chiwindi?

Chiwindi chimaphukanso. Akachidula, mbali yotsalayo imakula mwa woperekayo, ndipo yopatsidwayo imakula mwa wodwala, pa miyezi yochepa chabe. Opareshoni yotere inatheka koyamba m'chaka cha 1989 ku Brisbane, m'dziko la Australia, pamene dokotala Russell Strong anaika mbali ya chiwindi cha mayi mwa mwana wake. Kuno ku Malawi sitichita opareshoni imeneyi. Odwala amapita ku India, kapena ku Johannesburg ku chipatala cha Wits Donald Gordon.

Wodwala wamkulu nthawi zambiri amalandira mbali ya kumanja, yomwe ndiyo yaikulu. Vuto lili apa. Pakati pa chiwindi pamadutsa mtsempha wochotsa magazi kupita nawo ku mtima. Madokotala ambiri amausiya mtsemphawu kwa woperekayo kuti moyo wake usakhale pa chiswe. Motero mbali yopita kwa wodwala imatsala ndi timitsempha todukiza, tosowa kothira magazi. Zili ngati dimba lomwe madzi akulowa koma ngalande yotulukira palibe: mbewu zimafa ndi lowe.

Pofuna kukonza zimenezi, dokotala amasokerera kapaipi kolumikiza timitsemphato ku mtsempha waukulu. Nthawi zina amagwiritsa ntchito mtsempha weniweni wa munthu. Ukasowa, amaika kapaipi kopanga ku fakitale, kofewa, konenepa ngati cholembera. Kena kamatchedwa PTFE, kena Dacron. Anthu ambiri amakhala nako zaka popanda vuto lililonse.

Nanga chimalakwika nchiyani?

Kawirikawiri kapaipi kamatsekeka chifukwa magazi aundana m'kati mwake. Izi zikachitika masabata oyambirira, chiwindi chatsopano chimatupa ndipo madokotala amachitapo kanthu wodwala akadali kunja komweko. Zikachitika patapita miyezi, nthawi zambiri sizoopsa, pakuti chiwindi chimakhala chitatsegula kale njira zake zina.

Choopsa ndi tizilombo. Kapaipi si mnofu, kalibe magazi akeake otengera chitetezo kapena mankhwala m'khoma mwake. Tizilombo tikamatirira pamenepo timakhazikika. Kuonjezera apo, wodwala amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse kuti thupi lisakane chiwindi chatsopano. Choncho mafinya angathe kusonkhana mwakachetechete. Munthu amangomva kuzizidwa ndi kutentha thupi, mwabwerabwera. Kwathu kuno aliyense aganiza malungo, ndipo sitingamunene, chifukwa malungo ndiwo tidazolowera.

Chachitatu sichichitikachitika, koma ndicho chinagwera bambo wa m'sewero. Kapaipi kamagona moyandikana ndi chifu komanso chiyambi cha matumbo. Pang'onopang'ono kangathe kukhuza khoma la chifu kapena la matumbo mpaka kuboola ndi kulowa m'kati. Nthawi zina kamalowa m'njira ya ndulu. Izi zimatha kuoneka patapita miyezi yambiri, ngakhale zaka, pamene banja laiwala kale za opareshoni. Munthu amamva kupweteka pamwamba pa mchombo ngati zilonda za m'mimba, amasanza, maso amachita chikasu, kapena chimbudzi chimada chifukwa cha magazi. Ena samva kanthu, kapaipi kamangoonekera powaunika.

Mlongo uja analibe mlandu. Chiwindi chake chinali kugwira ntchito bwino lomwe. Ife tikuona kuti mau a atsibweni anapweteka kuposa mpeni wa dokotala, poti mayiyo anasiya ana ndi munda, nagona pa tebulo la opareshoni alibe nthenda iliyonse.

Tichite chiyani kumudzi?

Mayi wina wa ku Nathenje anafunsa kuti: "Ife kuno tilibe makina, tidziwa bwanji?" Simufunika makina kuti muyambepo. Musanachoke ku chipatala cha kunja, funsani dokotala ngati waika kapaipi kopanga, ndipo alembe. Pepalalo likhale m'buku la kuchipatala, osati m'sutikesi.

Munthu woikidwa chiwindi akatentha thupi, ayezetse malungo tsiku lomwelo ku Nathenje kapena ku chipatala cha Mitundu. Auzeni adokotala za opareshoniyo asanafunse nkomwe. Malungo akapanda kupezeka, kapena mankhwala ake akapanda kuthandiza pa masiku awiri, pemphani kalata yopita ku Kamuzu Central. Kumeneko amajambula m'mimba, ndiponso amalowetsa kachingwe kounikira kudzera pakamwa. Koma akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda, kapena maso akachita chikasu, musadikire kuti kuche. Funani galimoto.

Musagule mankhwala opha ululu monga Brufen kapena Indocid pa golosale: amakanda chifu ndi kuonjezera kutaya magazi. Mankhwala azitsamba ndi kachasu zimalemetsa chiwindi. Musaleke mankhwala ochepetsa chitetezo, monga tacrolimus, ngakhale tsiku limodzi popanda dokotala kunena. Ndipo wodwala akapezeka ndi chifuwa chachikulu, anene msanga mankhwala omwe akumwa, chifukwa rifampicin amafooketsa mphamvu ya tacrolimus ndipo thupi lingathe kukana chiwindi.

Kapaipi kakapezeka kuti kaboola kapena kachita mafinya, madokotala amakachotsa, mwina ndi kachingwe ka pakamwa kaja, mwina ndi opareshoni ina. Popeza chiwindi chimakhala chitapeza njira zake, nthawi zambiri saikanso kena. Bambo wa m'sewero anatumizidwanso ku India kukachotsa kake, ndipo womudikirira anali mlongo wake yemwe uja.