Mnzanu akakomoka ndi mowa, musamutsekere m'chipinda

Mayeso akayandikira, kapena akangotha, m'mahositelo a sukulu za ukachenjede mumachitika zambiri zomwe makolo kumudzi sazidziwa. Wina amasuta chamba ati chimatsegula mutu powerenga. Wina amapapira kachasu kuti aiwale za fizi. Enanso amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, kapena mapiritsi a tramadol ndi diazepam, pomwe sakudwala.

Lamulo silidasinthe. Ngakhale Nyumba ya Malamulo idavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu 2020, kusuta chamba ndi mlandu ndithu m'Malawi muno. Koma mantha a chilango ali ndi kuipa kwake. Wophunzira akakomoka, anzake amayamba aganiza za apolisi ndi kuchotsedwa sukulu, kenaka amamukokera pabedi n'kutseka chitseko kuti "agone, mowa utha wokha".

N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa njira yochepetsa ngozi kwa amene sadasiye mankhwala ozunguza bongo. Mfundo yake ndi yakuti munthu ayambe wapulumuka, kuti mawa adzathe kusiya. Njirayi idakhazikika m'zaka za m'ma 1980 ku Amsterdam ndi ku Liverpool, komwe odzibaya mankhwala ankapatsidwa majakisoni atsopano kuti asapatsirane matenda monga HIV. Ku Tanzania, chipatala cha Muhimbili chidayamba mu 2011 kupereka mankhwala otchedwa methadone kwa omwe adakodwa ndi heroin.

Ngozi yaikulu ili pa kusakaniza. Mowa, diazepam, codeine ndi tramadol, zonsezi zimafooketsa mbali ya ubongo yomwe imayendetsa kupuma. Zikakumana m'thupi limodzi, munthu amapuma mwapatalipatali mpaka mpweya kuleka. Akagona chagada, masanzi amatha kumutsamwitsa ali m'tulo.

Choncho mnzanu akakhala kuti sakudzuka ngakhale mumugwedeze, akuliza mkonono wachilendo, kapena milomo yatuwa, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindika, chibwano chitakwezeka pang'ono. Musamuthire madzi ozizira, musamumwetse khofi, musamukakamize kusanza, ndipo musamusiye yekha. Pezani galimoto msanga. Kuchipatala nenani zoona zokhazokha za chomwe wamwa, pakuti alipo mankhwala otchedwa naloxone omwe amabwezeretsa kupuma kwa yemwe wamwa codeine kapena tramadol wambiri.

Chamba nachonso sichofunika kuchipeputsa. Ubongo umapitirira kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, ndipo THC, mphamvu yoledzeretsa ya m'chamba, imasokoneza kukumbukira zomwe wangowerenga kumene. Woyamba kusuta ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, ndi yemwe kwawo kuli mbiri ya matenda a m'maganizo, ali pachiopsezo chachikulu chodwala misala. Mnzanu akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kukayikira aliyense, kusagona kapena kujomba m'kalasi, musathamangire kunena kuti walodzedwa. Mperekezeni kwa dokotala.

Kusiya nako kumafuna thandizo. Yemwe wakhala akumwa mowa wambiri tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kubalalika mutu ndi kugwa ngati wakhunyu, zomwe zingathe kupha. Wotere asiye moyang'aniridwa ndi achipatala. Thandizo lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kwa anamwino oona za matenda a m'maganizo m'zipatala za maboma.

Akuluakulu a mayunivesite ali ndi gawo lalikulu. Alembe aphungu okwanira odziwa kusunga chinsinsi, aphunzitse atsogoleri a ophunzira chithandizo choyamba, ndipo alengeze poyera kuti wothamangitsira mnzake kuchipatala salangidwa. Makolo nanunso, mwana akakuululirani vuto lake, mvetserani kaye musanakalipe. Wophunzira yemwe wathandizidwa msanga angathe kuchira ndi kumaliza maphunziro ake.