Osunga Njira ya Chifundo pa Malire a Nkhondo

Malire amene amalekanitsa dziko la Zambia ndi la Mozambique kum'mwera kwa Sinda, Katete ndi Vubwi anajambulidwa ndi anthu akutali amene sanafunse eni nthaka, ndipo chifukwa cha ichi mbumba imodzi ya Achewa imapezeka ili ndi minda mbali ino ndi manda a makolo mbali inayo, monga aliyense angadzionere ku Mkaika kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a maiko atatu amadza kudzalamba Kalonga Gawa Undi. Tsono pamene nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inakula m'chigawo cha Tete m'zaka za m'ma 1980, anthu a ku Maravia, Chifunde ndi Macanga sanathawire kudziko lachilendo ayi, koma anadza kwa atsibweni ndi apongozi awo, atabereka ana ndi kusenza timitolo, napatsidwa pogona ndi kachigawo ka munda. Koma nkhondo siiwerenga miyala ya malire. Kuyambira cha m'ma 1987 zigawenga za Renamo, zimene anthu a kutsidya ankazitcha Matsanga, zinayamba kulowa m'midzi ya kuno ku Zambia, kulanda ng'ombe ndi chimanga, kugwira anthu kuti azisenzere zolandazo ndi kupha osalakwa, kufikira boma la Kenneth Kaunda linaika asilikali m'mbali mwa malire monsemo.

M'masiku amenewo anthu a kuno anaona ndi maso ntchito imene ambiri saidziwa, ngakhale kuti popanda iyo palibe thumba la ufa kapena botolo la mankhwala limene lingafike kwa wovutika, ndiyo ntchito yosamala moyo wa antchito achifundo ndi kuwatsegulira njira pakati pa anthu amfuti. Wogawa thandizo timamuona, ndipo chithunzi chake chimatuluka m'nyuzipepala; koma amene anayamba wafufuza ngati msewu uli bwino, amene anakaomba m'manja kwa mfumu, amene anakhala pa wailesi kufikira galimoto yomaliza italowa mumpanda, ameneyo satchulidwa, pakuti ntchito yake ikayenda bwino sipachitika kanthu, ndipo chosachitika palibe amachisimba.

Mutu wa ntchitoyi ndi mkulu wa chitetezo, amene kawirikawiri amakhala msilikali kapena wapolisi wopuma, chinkana kuti akatswiri ena pa ntchitoyi sanagwirepo mfuti chibadwire. Chida chake chenicheni ndi makutu. Iye amamva kwa amayi a pamsika, kwa mkulu wa mpingo, kwa namwino wa pachipatala chaching'ono, kwa anyamata oyenda malonda panjinga ndi kwa apolisi, ndipo akatolera zonsezo amakhala pansi napeta, kuti mphekesera zikhale pazokha ndi zoona pazokha. Pakuti m'nthawi ya nkhondo mbiri imathamanga kuposa adani eniakewo, ndipo womvera mphekesera iliyonse sangatuluke pakhomo, pamene wonyoza zonse adzakwirira anzake. Pa zimene wapezazo amamanga malamulo amene amaoneka ang'onoang'ono koma analembedwa ndi mwazi wa ena: kuti galimoto isayambe ulendo m'bandakucha msewu usanapondedwe, popeza mabomba okwirira amatcheredwa usiku, kuti aliyense akhale atabwerera dzuwa lisanalowe, kuti kumalo oopsa magalimoto aziyenda awiri, kuti munthu asapatuke m'njira yopondedwa ngakhale pofuna kudzithandiza, ndi kuti msilikali kapena mfuti zisakwere konse m'galimoto ya bungwe, chifukwa chake mumaona pazitseko zake chithunzi cha mfuti yodulidwa ndi mzere wofiira.

Ndipo mawu olemera koposa onse pa udindo wake ndi awa awiri: lero sitipita. Dokotala wamva kuti kumudzi wakutiwakuti ana akutha ndi chikuku, mtima wake uli chilili, ndipo akuona mkulu wa chitetezo ngati munthu wouma mtima. Koma iye ayenera kuika pa muyeso miyoyo imene ipulumuke ulendowo ukatheka ndi miyoyo imene itayike ukalephereka, pokumbukiranso kuti wantchito mmodzi akaphedwa bungwe lonse limalongedza katundu, ndipo zikwi za anthu zimatsala zopanda wozithandiza. Akachulukitsa mantha, bungwe limasanduka la anthu okhala m'mipanda ya m'tauni, olemba malipoti a midzi imene sanaipondepo. Akachepetsa, amanyamula maliro. Nzeru yake yonse ili pa kuyenda pakati pa maenje awiriwa.

Pansi pa mkuluyu pali antchito amene ndiwo mizati ya ntchito yonse, ngakhale malipiro awo ndi ochepa. Woyamba ndi dalaivala, amene amadziwa mlatho wokayikitsa ndi njira yolambalala, amene amawerenga msewu ndi maso a mlenje, kotero kuti akaona mudzi uli zii masana, nkhuku zili balala koma ana osaoneka, amatembenuza galimoto asanauzidwe. Ndiyenso amene amayamba kulankhula pa chipata cha asilikali, manja ali poonekera, mawu ali pansi, osaseka ndi osanjenjemera. Wachiwiri ndi wa pa wailesi, wokhala m'kachipinda ndi buku lake, amene amalemba nthawi imene galimoto yanyamuka ndi malo amene yafika, ndipo ikapanda kuyankha pa nthawi yopangana ndiye amaimba mfuu. Wachitatu ndi womasulira, amene amanyamula mawu a mlendo kupita nawo kwa eni mudzi kapena kwa mkulu wa asilikali, nawachotsa minga panjira popanda kuwasintha tanthauzo. Palinso mlonda wa pankhokwe, amene amachezera usiku pa matumba a chakudya pakati pa anthu anjala, ena mwa iwo abale ake enieni. Palinso kalaliki wolemba maina, amene ayenera kusunga kaundula wake mosamala monga asungira moyo, pakuti ndandanda ya maina a othawa ikagwa m'manja olakwika imasanduka ndandanda ya ofunidwa.

Gawo lina la ntchitoyi, lofuna kudekha koposa, ndi la wopempha njira. Safunsa anadya phula, anatero akale, ndipo m'dera lino kufunsa kuli ndi makwerero ake: munthu amayamba kwa akuluakulu a boma, napita kwa mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi a Kawaza kapena a Mbang'ombe ku Katete, a Nyanje kapena a Kathumba ku Sinda, a Pembamoyo ku Vubwi, kudzera mwa nduna zawo monga mwa mwambo, natsirizira kwa nyakwawa ya mudzi umene akufuna kugwiramo ntchito. Wolumpha makwererowa angafike ndithu ndi malole ake, koma tsiku limene adani ayandikira sipadzakhala womunong'oneza. Zipatala za mishoni, monga cha St Francis ku Katete, chimene chinayamba mu 1948, ndi cha Nyanje, zili ndi chuma chimene bungwe lobwera dzulo silingagule, ndicho kudziwika kwa zaka zambiri kuti khomo lake silifunsa munthu mtundu, mpingo kapena chipani.

Kumene kuli nkhondo yeniyeni, wopempha njira amayenera kulankhulanso ndi eni mfuti a mbali zonse, ngakhale amene manja awo ali ndi mwazi, monga bungwe la Red Cross lakhala likuchitira chiyambire mu 1863, ndipo masiku ano limatsamira pa mapangano a ku Geneva a 1949. Amawauza poyera kuti abwera ndani, tsiku liti, ndi magalimoto angati, atanyamula chiyani. Sanama, salonjeza chimene sangathe, satengera mbali ina nkhani za mbali inzake, ndipo amakana kugula njira ndi ndalama kapena matumba, podziwa kuti chimene wapereka lero ngati mphatso chidzafunidwa mawa ngati msonkho kwa onse odza pambuyo pake.

Odziwa ntchitoyi amati chitetezo chili ndi njira zitatu: kulandiridwa ndi eni dera, kudzitchinjiriza ndi mipanda ndi malamulo, ndi kuopseza ndi asilikali operekeza. Nkhondo ya ku Mozambique inayesa zonsezi. Pa msewu wa Tete, kuchokera ku Nyamapanda kukafika ku Zobue, malole ankayenda mumdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo katundu wambiri anafika ku Malawi, kumene kunali othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Koma mdipiti wa asilikali ndi mdani m'maso mwa mbali inayo, ndipo m'misewu yambiri ya dzikolo malole a chakudya anatenthedwa, madalaivala naphedwa, pamene anthu okhala m'madera a Renamo sankafikiridwa kawirikawiri. Chilala choopsa cha 1992 ndicho chinafewetsa mitima, kotero kuti pa 16 Julaye chaka chomwecho, ku Rome, boma ndi Renamo anasaina chikalata chovomereza kuti thandizo lifike kwa anthu onse mosasankha, ndi kuti oyenda pansi pa mbendera ya United Nations kapena ya Red Cross, opanda asilikali owaperekeza, asatsekerezedwe. Taonani kuti chimene chinatsegula njira sikuchuluka kwa mfuti koma kusowa kwake m'galimoto. Ndipo pangano lalikulu la mtendere linatsatira pa 4 Okutobala, pamene Joaquim Chissano wa boma ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anagwirana chanza.

Kuno ku Zambia funso la chitetezo linayankhidwa mwa njira ina, ndiyo yochotsa anthu pakamwa pa nkhondo. Pangano la maiko a Africa la 1969 lokhudza othawa kwawo limalangiza kuti iwo azikhazikidwa patali ndi malire a dziko limene achokera, ndipo mu 1987 boma, pamodzi ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, ndi bungwe la Lutheran World Federation, linatsegula malo a Ukwimi kumpoto kwa Petauke, kumene anthu oposa 20,000 anapatsidwa minda, zitsime, sukulu ndi zipatala kufikira anabwerera kwawo cha mu 1994. Kwa wosamala chitetezo nzeruyi inali yabwino, pakuti n'kwapafupi kulondera malo amodzi akutali ndi adani kusiyana ndi midzi mazanamazana yomwazika m'malire. Koma walira mvula walira matope, pakuti ambiri sanafune kusiya abale amene anawalandira, ndi minda yawo ya kutsidya imene ankaizembera nkhondo ikapuma, ndipo otsala m'midzi anakhala kutali ndi thandizo. Momwemonso zinachitikira ku Malawi mu 2016, pamene othawa mikangano yatsopano ya ku Tete anasamutsidwa ku Kapise, pafupi ndi malire, kupita ku Luwani m'boma la Neno.

Lero mfuti zinaleka kulira m'malire a kuno, ndipo malole amadutsa pa chipata cha Chanida mwamtendere. Mabomba okwirira anazulidwa, Mozambique nalengeza mu 2015 kuti minda yake yodziwika ya mabomba yatha. Koma ntchitoyi sinathe, inangosamuka. Ku Cabo Delgado, m'dziko lomwelo la Mozambique, nkhondo yakhala ikuyaka kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo ku Sudan, ku Congo ndi ku Gaza antchito achifundo akugwa chaka ndi chaka. Pa 19 Ogasiti 2003 bomba linaphulika pa likulu la United Nations ku Baghdad nilipha anthu 22, pakati pawo Sergio Vieira de Mello, mkulu wa bungwelo kumeneko, amene ali mnyamata anatumikira othawa kwawo ku Mozambique. Kuchokera pamenepo bungwelo linakhazikitsa nthambi yapadera ya chitetezo mu 2005, ndipo tsikulo limakumbukiridwa chaka chilichonse. Ntchitoyi tsopano ili ndi maphunziro ake, mafoni a setilaiti ndi makompyuta olondola galimoto paliponse pamene ili. Komabe mu 2024 mokha antchito achifundo oposa 300 anaphedwa, ndipo ochuluka koposa anali eni dziko, osati alendo.

Apa ndipo pagona mlandu umene mabungwe sanaumalize. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka: zinthu zikaipa ndege imadza kudzatenga antchito a kunja, koma dalaivala, womasulira ndi mlonda amatsala ndi mabanja awo pakati pa anthu amene anawaona akuyenda ndi alendowo, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amapemphedwa kupitiriza ntchito kumene ena aona kuti n'koopsa. Ngati nzeru imene imasunga moyo wa gulu lonse imachokera kwa iwo, monga mbiri ya malire ano ikuchitira umboni, chilungamo chifuna kuti iwo akhale nawo pabwalo pamene ulendo ukukambidwa, aphunzitsidwe ndi kupatsidwa zida mofanana ndi anzawo, alembedwe pa inshuwalansi, akonzeredwe pothawira iwo ndi ana awo, ndipo akhale ndi ufulu wokana ulendo popanda kuopa kuchotsedwa ntchito. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Sinda kapena ku Vubwi amene angafune kulowa ntchitoyi adziwe kuti Chichewa chake, ulemu wake pamaso pa akulu ndi kudziwa kwake njira za m'midzi ndi maphunziro a mtengo wapatali, ndipo asanasaine kalata ya ntchito afunse mosachita manyazi kuti, tsiku loipa likadza, dzina lake lili pa ndandanda iti.