Manja Ong'ambika a Ogwira Ntchito Zaumoyo: Chiyambi Chake ndi Chithandizo

Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amasamba m'manja kambirimbiri pa tsiku. Ikafika nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mpweya ukauma, khungu la m'manja limayamba kutuwa ndi kukhakhala, kenako limang'ambika m'mfundo za zala ndi m'mbali mwa zikhadabo. Ambiri amangopirira poganiza kuti ndi vuto laling'ono, koma manja otere amaika pa chiopsezo mwini wake komanso odwala amene akuwagwira.

Chimene chimachitika pakhungu

Pamwamba pa khungu pali kachikopa kopyapyala kokhala ndi mafuta achilengedwe amene amasunga chinyezi ndi kutsekereza tizilombo. Sopo pochotsa litsiro amachotsanso mafuta amenewa. Munthu akamasamba pafupipafupi, khungu silipeza mpata wowabwezeretsa, choncho limauma, limalimba, ndipo chala chikapindika limang'ambika. Madzi otentha, sopo waufa wochapira zovala, simenti ndi thukuta la m'magolovesi zimawonjezera vutoli.

Khungu lowonongeka limasunga tizilombo tambiri kuposa losalala, kuphatikizapo Staphylococcus aureus amene amayambitsa zithupsa ndi mafinya m'mabala. Ming'alu imakhalanso polowera magazi ndi madzi ena a m'thupi la wodwala. Komanso munthu amene manja akumuwawa amayamba kuzemba kusamba m'manja, ndipo apa ndi pamene matenda amafalikira.

Sopo, sanitayiza ndi klorini

Ambiri amakhulupirira kuti sanitayiza ndiye amawononga manja chifukwa amawawa akalowa m'mng'alu. Kuwawako kumangosonyeza kuti khungu linawonongeka kale. Malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 2009 okhudza ukhondo wa m'manja m'zipatala amanena kuti sanitayiza wokhala ndi zofewetsa khungu sauma manja ngati mmene sopo ndi madzi amachitira. Amene bungweli limalangiza zipatala kuti zidzipangire amakhala ndi gilisalini pa chifukwa chomwechi. Motero manja akakhala kuti sakuoneka akuda, sanitayiza ndi wokwanira. Sopo ndi madzi ndi zofunika manja akada, akakhudza magazi kapena chimbudzi, ndiponso munthu akachoka kukadzithandiza. Kusamba ndi sopo kenako n'kupaka sanitayiza nthawi yomweyo sikuwonjezera ukhondo, kumangopweteka khungu.

Pa mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, anthu ambiri ongodzipereka ankasamba m'manja ndi madzi a klorini tsiku lonse. Madzi osambira m'manja ayenera kukhala a 0.05 peresenti. A 0.2 peresenti ndi okolopera ndi kupukutira mabedi, pamene a 2 peresenti ndi othira m'chimbudzi ndi masanzi a odwala. Ndowa zikasokonezeka, khungu limapsa msanga, n'chifukwa chake ndowa iliyonse iyenera kulembedwa mooneka bwino.

Chithandizo cha tsiku ndi tsiku

Posamba, madzi akhale ozizira kapena ofunda pang'ono, ndipo sopo atsukuluzidwe yense, makamaka pakati pa zala. Manja aumitsidwe mosisita pang'ono ndi kansalu koyera kapena pepala, osati mokhula. Magolovesi avalidwe manja atauma, ndipo avulidwe ntchito ikangotha.

Mafuta olimba monga Vaseline amathandiza kuposa mafuta amadzimadzi onunkhira, chifukwa amatsekera chinyezi m'khungu ndipo sawawa pa mng'alu. Amagwira bwino akapakidwa manja akadali onyowa pang'ono. Usiku ndi bwino kupaka ochuluka n'kuvala magolovesi ansalu kapena masokosi oyera mpaka m'mawa. Koma mafuta amenewa amafooketsa magolovesi a latex, kotero ndi oyenera kupaka poweruka ndi pogona. Pa nthawi ya ntchito, gilisalini wosakaniza ndi madzi kapena mafuta opepuka osanunkhira ndiwo angagwiritsidwe ntchito.

Mng'alu wakuya utsukidwe ndi madzi oyera, upakidwe mafuta pang'ono, n'kumatidwa ndi pulasitala yosalowa madzi. Pulasitalayo isinthidwe ikanyowa. Pamene khungu likuyabwa ndi kutupa, dokotala angapereke hydrocortisone wa 1 peresenti wopaka kwa masiku ochepa. Mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika apewedwe, popeza ambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. Kunyumba nako manja amafuna kupuma: pochapa ndi potsuka mbale, magolovesi a labala amateteza kwambiri.

Pamene wodwala ayenera kutumizidwa kuchipatala

Sikuti manja onse ouma amayamba ndi sopo. Alangizi a zaumoyo atumize kuchipatala munthu amene ali ndi chimodzi mwa izi:

Mafinya, kutupa, kutentha pamalopo, kapena kutentha thupi.

Kuyabwa kwambiri usiku pakati pa zala, ena m'banjamo akudzikandanso. Izi kawirikawiri ndi mphere, ndipo banja lonse limafunika mankhwala.

Khungu lakuda ndi lokhakhala kuseri kwa manja onse awiri ndi m'khosi, pamodzi ndi kutsekula m'mimba. Amenewa angakhale matenda a pellagra, obwera ndi kusowa kwa vitamini B3 pakati pa anthu odalira chimanga chokha, ndipo amaonekanso mwa ena omwa isoniazid.

Ming'alu kapena zilonda zosapweteka pa zala zadzanzi, zimene zingasonyeze khate kapena matenda a shuga.

Ming'alu yosapola patatha milungu iwiri ya chisamaliro, kapena zidzolo zotuluka akangovala magolovesi. Munthu wotere angafunike magolovesi a nitrile.

Oyang'anira zipatala akamaitanitsa sopo, klorini ndi magolovesi, aikenso mafuta opaka m'manja pa mndandanda womwewo, ndipo azifunsa ogwira ntchito za manja awo nyengo yozizira isanafike.