Mkati mwa HMS Alliance, sitima yoyenda pansi pa nyanja

Ku Gosport, tsidya lina la doko la Portsmouth ku England, kuli sitima yankhondo yotchedwa HMS Alliance. Inayamba ntchito mu 1947, n'kupuma mu 1973, ndipo lero alendo amaloledwa kulowamo. Ine ndi anzanga tinalowa motsogozedwa ndi madala amene anagwirapo ntchito m'sitima zotere.

Kuthina kwake, abale! Sitimayi ndi yotalika pafupifupi mamita 86, koma malo ambiri anatha ndi mainjini, mabatire ndi mabomba. Amuna 65 ankakhala mmenemo. Ena ankasinthana bedi limodzi: wina akadzuka, mnzake n'kugonapo pakadali potentha. Madzi abwino ankasungira kumwa ndi kuphikira, choncho kusamba kunali kwa apo ndi apo, thupi lonse fungo la dizilo. Madalawo ankafotokoza izi akuseka, ngati akukumbutsana za kusukulu yogonera komweko.

Kuseka kunatha mnzanga atafunsa za ngozi. Bambo mmodzi anatchula HMS Affray, sitima yamtundu womwewu, imene inamira mu English Channel mu 1951. Anthu onse 75 anathera momwemo, ndipo sitimayo ikadali pansi pa nyanja mpaka lero.