Silinda yolukidwa ndi ulusi yagawa anthu ku Chinhoyi

Kuyambira m'chaka cha 2019, pamene madzi anaphwera m'damu la Kariba magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku, mabanja ambiri ku Zimbabwe anayamba kuphikira gasi. Ku Chinhoyi, pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Chirundu, malo odzazitsira gasi ali paliponse, ndipo anthu anazolowera silinda yachitsulo.

N'chifukwa chake anthu anatembenuka pamene mayi wina wa ku Chikonohono, mdzukulu wa Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, anafika pamzere wodzazitsa gasi atanyamula silinda yake ndi dzanja limodzi, kumbuyo ali ndi mwana. Inalibe dzimbiri. Poyiyang'anitsa padzuwa, gasi wotsala ankaoneka m'kati mmene walekezera, ndipo pansi pa chikuto chake panali timizere tambirimbiri topingasana. Wodzaza gasi anayitembenuza uku ndi uku, n'kuimitsa chala pamalo pamene panali pokalika. Anazengereza.

Timizere timeneto ndi ulusi wa galasi. Kufakitale amayamba ndi chibotolo cha pulasitiki chosatulutsa mpweya, kenako makina amachikulunga ndi ulusi wonyowetsedwa mu utomoni, womwe ukauma umalimba gwa. Aliyense amene anamangapo mpira wachikulunga amadziwa kuti chingwe chikadutsa polakwika chimatsetsereka. Apa ndi pamene pulogalamu ya pakompyuta imagwira ntchito: imawerengera njira imene ulusi sungaterereke, kupendekeka kwake, ndi maulendo amene uzungulire. Mphamvu yofuna kung'amba silinda mozungulira mimba imawirikiza kawiri poyerekeza ndi yofuna kuyikoka mlitali, choncho pamimbapo pamafunika ulusi wochuluka. Thanki yobulungira ngati mpira, monga zina zosungira mpweya m'zombo zopita kuthambo, imagawa mphamvuyo mofanana mbali zonse, koma ndi yovuta kuikulunga chifukwa ulusi umaunjikana pafupi ndi kukamwa. Pulogalamuyo imasuntha njira pang'onopang'ono kuti khoma likhale lokhuthala mofanana.

Koma pamzere paja nkhani inali ya pokalika paja. Ena ankati chitsulo sichinama: chikagundidwa chimaphwanyika poonekera, chikadyeka dzimbiri limaoneka. Ulusi ukhoza kuduka kapena kumatuka m'kati kunja kukuoneka bwino. Mantha amenewa ali ndi maziko, makamaka kwa anthu a m'mafamu amene silinda yawo imagubuduzika m'ngolo kapena kumbuyo kwa lole mtunda wautali wa msewu wafumbi.

Ena ankati silinda zachitsulo zambiri zimene zimadzazidwa m'tauni n'zakale, zodyeka kunsi, zina mpaka zowotcherera kuseri kwa nyumba, chinthu chomwe n'choopsa kwambiri. Ya ulusi siichita dzimbiri, ndipo pamoto pulasitiki yake imasungunuka gasi n'kumatuluka akuyaka, m'malo mophulika. Kwa ine mbali iyi ndi yolemera, bola pokalika payang'anidwe ndi munthu wodziwa. Ngati chakalika ndi chikuto chokha, palibe vuto. Ngati ulusi waduka, silindayo yatha ntchito, ndipo palibe wowotcherera angaikonze.

Wodzaza uja ataona kuti ulusi sunakhudzidwe anayiika pasikelo n'kuidzaza. Amene ankadikira anapitiriza kukangana, koma tsopano za mtengo wa gasi pa kilogalamu, ndiponso ngati sikelo za m'tauniyi zimanena zoona.